Kuseri kwa Tsamba la Thonje

Mlangizi anati ndisapopere mankhwala sabata ino,
ndiyambe ndawerenga.
Anandisiyira kagalasi kokuzira zinthu
ndi pensulo yolumidwa kumutu.

Ndiye ndagwada pano, m'munda mwanga ku Ngabu,
makande atang'ambika ngati zidendene zanga,
dzuwa likundiphika pakhosi kusanache bwino,
ndatembenuza tsamba.

Nsabwe! Zathithikana ngati anthu m'bwato la pa Mtayamoyo,
zikuyamwa osadzutsa mutu.
Nyerere zikuzilondera,
kuzisisita kumsana, kukama uchi.
Abusa a ng'ombe za kwa Therere sangapose apa.

Kafika kachikumbu kofiira kamadontho akuda.
Kadya imodzi, ziwiri, zisanu,
nyerere yakaluma mwendo,
kagwa chagada, kaphiriphitha, kayambanso kukwera.
Ndalemba: bwenzi.

Kamavu kochepa kuposa njere ya chitowe
kalasa nsabwe, kasiya dzira m'mimba mwake.
Akuti nsabweyo idzauma gwa,
mwana wa mavu n'kuboola khomo, ulendo.
Ndalemba: bwenzi.

Koma taonani.
Kachikumbu kakwera kaja
katafuna nsabwe yomweyo, ndi dzira lomwe.
Mphutsi ina ya mano ngati zikwakwa,
itasenza makoko a nsabwe kumsana,
yapeza mazira achikasu a kachikumbu
n'kuwamwa limodzilimodzi, osapuma.
Kangaude ali phee pakona,
iye sasankha.

Ndilembe chiyani?
Onsewa akuti ndi aganyu anga.
Andikumbutsa alamu anga, Zuze ndi Alufandika,
usiku uja tinawatuma kukalondera mvuu kudimba:
anagwirana pakhosi polimbirana tochi
mvuu ikusenga chimanga kumbuyo kwawo.
M'mawa tinakololabe madengu anayi.

Dzana pa tsamba ili ndinawerenga makumi anayi.
Lero makumi awiri ndi zitatu,
ndabwereza kawiri, chala chikunjenjemera.

Botolo lili kunyumba, kunsi kwa bedi,
la ngongole, adzadula pa sikelo.
Ilo silifunsa dzina la munthu,
likadutsa munda umakhala zii ngati pamanda,
kenaka nsabwe ndi zimene zimayamba kubwerera,
zokha, popanda wozidya.

Thukuta lagwera pa pepala, lafufuta theka la mawu aja.
Sindinawakonze.
Ndalemba nambala yokha,
ndasasa dothi m'mawondo,
ndasendera pa mzere wina.
Nyerere imodzi yanditsatira mpaka pachigongono,
yandiluma,
ikuyesa nanenso ndabwerera ng'ombe zake.