Majini a M'tayala

Kuseri kwa galaja ya Che Ajibu, pa msewu wopita ku Namwera,
matayala akutha aunjikana mpaka kupitirira mpanda,
lililonse lasunga m'mimba mwake mvula ya Lachiwiri.
Ndagwada pa oyilo wouma. Ndatunga ndi chipande choyera.
Mphutsi zisanu ndi ziwiri.
Zisanu zalendewera mitu pansi ngati mileme,
izo ndikuzidziwa, n'zongosokosa usiku,
koma ziwiri zagona chopingasa pansi pa khungu la madzi,
ndipo mtima wanga wati phwii.

"Mwataya chiyani m'menemo, achemwali?"
Ndayankha osadzutsa mutu: "Ndikusaka majini."
Sipanala yagwa pa simenti.
"Pano timaswali kasanu pa tsiku.
Majini adzera khomo liti?"

Ndaseka mpaka madzi atayikira pa nsapato.
Si amenewo, Che Ajibu, si oyenda pakati pa usiku aja.
Awa ndi malemba, zilembo zinayi zokha,
zobwerezedwa mpaka kutopetsa wowerenga,
zopindidwa m'mwendo wa udzudzu
wocheperapo kuposa nsidze imodzi ya mwana wanu.

Udzudzu wakwathu timadziwana nawo.
Umaswera m'madambo, m'mapazi a ng'ombe, m'minda ya mpunga,
umadikira dzinja ngati mlimi.
Koma akuti kuli wina wokonda tauni,
wa m'mathanki, wa m'migolo ya omanga nyumba,
wosasamala kuti ndi mwezi wanji.
Sitikudziwa ngati wafika.
Pa Chiponde amafunsa chiphaso cha dalaivala,
amawerenga matumba, amagogoda chitseko cha lole;
ndani anafunsapo kamadzi kobisala m'khwinya la lona
kuti iwe, wanyamula mazira a yani?

Ndiye ziwirizi ndizilera m'kapu yophimba ndi neti
kufikira zimere mapiko.
Kenako botolo laling'ono, ulendo wa ku Blantyre,
kumene mtsikana wovala magolovesi adzathyola mwendo umodzi,
n'kuusinja, n'kuupereka kwa makina
otenthetsa ndi kuziziritsa, kutenthetsa ndi kuziziritsa,
mpaka mwendowo utaulula mfunda wake.

Pajatu mlendo akafika sitiyamba ndi kumumenya.
Timati: kwanu n'kuti, ndinu a Mbewe kapena a Milanzi?
Nawonso udzudzu uli ndi mphini zake.
Pamene kholo lina linaphonya chilembo chimodzi,
ana ake onse amaphonya pomwepo,
ndipo wa m'tayala muno akaphonya mofanana
ndi wina wogwidwa padoko lakutali,
tidzajambula mzere pamapu
n'kuona msewu umene malungo akufuna kudzera.

Che Ajibu akhala chete.
Akuyang'ana mulu wawo ngati akuuona koyamba.
"Wanga wachiwiri, Sumaili, anagona masiku anayi
ndi diripi pa mkono mwezi wa Okutobala,
kunja kuli gwaa, fumbi lokhalokha.
Ndinadabwa kuti udzudzu wake wamwa kuti."

Sindinawayankhe. Ndilibe umboni,
ndipo ntchito yanga imadana ndi kulosera.
Ndalemba pa botolo ndi pensulo,
poti inki imasungunuka ikakhudza sipiriti:
nambala 214, tayala la lole, dzuwa lili pamutu.

Pochoka ndamva chitsulo chikulira kumbuyo.
Aika nsonga pamoto, akuboola matayala limodzilimodzi,
madzi akuda akutsika m'fumbi,
fungo la mphira wopsa landiperekeza mpaka pa mlatho.
"Yankho likabwera mundiimbire!" akufuula.
"Akakhala mlendo, mundiuze kwawo.
Mwina lole yake ndinaikonza ndine."

Masabata asanu ndi limodzi, akatero a ku labotale,
magetsi akapanda kuvuta.
Kapu ija ili pawindo langa.
M'mawa uno imodzi yasanduka kale chindunda,
yapinda msana, ikusoka mapiko mumdima wake,
ndipo sikundiuza kanthu.