Zilembo Zitatu

Laputopu anaisiya Twaibu
atabwera kuchokera ku Joni pa Idi ya chaka chatha,
chikole cha ndalama ya basi yomwe ndinamubwereka.
Yatsopano, yopyapyala ngati kope la masamu,
makina oti angakuonetse thukuta pamphumi pa msilikali,
tsitsi lililonse palokha.
Koma pakona, m'kafoda kopanda dzina,
ndinapezamo gemu ya ku Japani
yondiposa msinkhu.

Ndege yako si ndege ayi.
Ndi ketulo. Ketulo ya mapiko
yolavula singano.
Adani ake ndi maambulera a diso limodzi,
nsomba zovala mataye, zothamangira ku ofesi,
ndipo kumapeto kwa gawo lachitatu
kumatsika firiji ya ndevu.
Ikangotsekula chitseko
zipolopolo zapinki zimati mbwee
ngati inswa pa getsi la pa depoti mvula yoyamba itagwa.

Mawu ake palibe amatha kuwawerenga kuno,
akunga mapazi a nkhuku pa simenti yaiwisi.
Sumani wa kabaza ndiye womasulira wathu.
Akuti firijiyo ikukuwa, "Bwezani ngongole yanga!"
Akuti nsombazo zachedwa ku msonkhano wa bajeti.
Timamukhulupirira.
Nanga titsutsa ndi chiyani?

Ine ntchito yanga ndi kukonza mafoni
m'kanyumba ka malata cha kufupi ndi mlatho.
Dzuwa la Mangochi likayamba kuwotcha denga,
makasitomala atathawira pansi pa mitengo,
ndimapukuta zala pa buluku
n'kudzutsa ketulo yanga.
Ndafa kangati? Funsani batani la kumanzere,
penti inachokapo kalekale.

Chinsinsi ndinachitulukira mwezi wachitatu:
ketulo yonseyo si iwe.
Iwe ndi kadontho pakati pake,
kochepa ngati njere ya bonongwe.
Chipolopolo chikhoza kukumeta phiko,
kukwecha chogwirira, iwe osafa.
Ukaleka kuyang'ana moto n'kuyamba kuona mipata
njira imatseguka yokha,
monga Sumani amapyolera pakati pa lole ndi mbuzi
atanyamula mayi ndi thumba la makala.

Ku mzikiti akaitana ndimadina poimitsa.
Zipolopolo mazana zimaima m'malere, zii,
kundidikira mwaulemu mpaka ndibwere
kuti zidzandiphe bwino.

Nthawi zina ndimaganiza za amene anaipanga.
Munthu wina, usiku, mu ofesi ya dziko lomwe sindidzapondako,
atatopa ndi bwana wake,
anayang'ana firiji n'kuiveka ndevu.
Anaseka yekha.
Kuseka kumeneko kwayenda zaka makumi atatu,
kwakwera basi, kwagona pa boda m'chikwama cha Twaibu,
kwadzatsikira pano
pakati pa matchaja akufa ndi fungo la waya wopsa.

Ukafa komaliza pamabwera mndandanda wa akatswiri.
Pamwamba penipeni: TWB.
Nambala ya Twaibu siikupezeka chiyambire Febuluwale.
Mayi ake amabwera Lachitatu lililonse kudzatchajitsa foni
yomwe batire lake ndi lodzaza kale.
Safunsa. Ine sindiyankha.
Amakhala pa benchi, kumvetsera kanyimbo ka gemuyo
kolira ngati wotchi ya pamkono,
kenako n'kuti, "Kaphokoso aka kanali kake."

Dzulo zala zinandimvera.
Maambulera onse pansi, nsomba zonse pansi,
firiji ikufuka utsi, ndevu zikuyaka,
mapointi anga atatsala chala chimodzi kuti amupitirire.
Sumani anasiya kasitomala panja ataimirira.
Mpata ndinauona, waukulu ngati geti la chipatala.

Ndinachotsa dzanja.

Ketulo inati phuu, singano zili balala.
"Iwe, wapenga?" Sumani anagwira mutu.
Ndinati thukuta, chala chinaterereka.
Pamzere wachiwiri ndinalemba zilembo zanga zitatu
pansi pa zake,
n'kutenga foni ya mayi uja
kuichotsa pa tchaja.