Kampani Yopanda Dzina

Magetsi athawa folo koloko.
Ndatsala ndi batire la laputopu
ndi masamba makumi atatu ochokera ku Valencia.
Mayi Kamanga, loya wa pa Cairo Road,
akuwafuna m'Chingerezi mawa asanamwe tiyi.

Chisipanishi ndinachitola ku Camagüey
ndikubaya ng'ombe jakisoni.
Ndifunseni dzina la nkhupakupa, la chiberekero cha mbuzi.
Palibe anandiuza kuti tsiku lina ku Kabwata
lendi idzachokera m'mawu a maloya.

Sociedad anónima.
Ukalitsata phazi ndi phazi, ndi gulu lopanda dzina,
chonsecho dzina lili pamwambapo, zilembo zonenepa,
chidindo chabuluu pambali.
Obisala ndi eni ake.
Chingerezi chili nalo jekete lovekera chinthuchi
koma likuthina m'khwapa.
Ndaliveka choncho, batani limodzi losamanga.

Administrador único:
munthu mmodzi, makiyi onse m'thumba mwake.
Ndikangolemba kuti dairekita
Mayi Kamanga adzaimba foni,
nanga mnzake ali kuti?

Jenereta ya a Simwinga yadzuka kuseri kwa mpanda.
Ndafika pa persona jurídica,
munthu wobadwira pa pepala,
wosadwala malungo, wosapita kumaliro,
koma amagula nyumba, amasumira anzake,
ndipo akafa, ngongole zimalowa naye m'manda.

Apa ndaima.
Responsabilidad limitada.
Mawu ake a Chingerezi ndi apafupi, mwana wasukulu angawapeze.
Chandiimitsa ndi chaka chija ku Katete
mvula itadula mu Januwale,
a ngongole ya feteleza atabwera ndi lole.
Anatenga njinga, wailesi,
anakwera padenga kuzula malata asanu ndi limodzi
bambo ataima pabwalo, chipewa m'manja.
Ngongole yawo inalibe mpanda.
Inalowa mpaka kuchipinda.
Ndalemba mawu awiri aja. Akwana bwinobwino.

Batire latsala pang'ono, kachizindikiro kafiira.
Liwu lomaliza usiku uno, razón social.
Ndi dzina la kampani basi,
ngakhale razón, kumakola kuja, chinali chifukwa,
chimene mlimi ankandifunsa ng'ombe yake ikafa.
Ndalemba dzina.
Chifukwacho ndachisiya m'Chisipanishi,
Mayi Kamanga salipira mawu apansi pa tsamba.

Ndatseka laputopu.
Udzudzu walowa, koyilo ili m'kabati,
machesi sindikudziwa ndinawaika pati.