Mamailosi a Ludwik

Mwamuna wanga ali ndi nkhokwe yosaoneka.
Ilibe denga, khoswe saidziwa,
koma usiku uliwonse, mbale zisanaume,
amayatsa kompyuta patebulo la kukhitchini
kusuzumira ngati mwagwera kanthu.

Mbatata timagula pa khadi.
Mankhwala a bondo langa, pa khadi.
Chaka chatha anawagulira a Pelagia apansipa makina ochapira
pa khadi lake, iwo n'kumubwezera ndalama mu envelopu,
iye n'kukwera masitepe akuimba mluzu
ngati wagwetsa njovu ndi legeni.

Pa 29 Disembala, Krakow yense ali mbuu ndi chipale,
anadzuka tramu yoyamba isanadutse.
Akuti ndaperewera mamailosi mazana asanu ndi anayi
kuti khadi likhalebe lagolide.
Anauluka mpaka ku Oslo.
M'bwalo la ndege sanatulukemo n'komwe.
Anadya sangweji, anapenya mitengo pawindo,
madzulo ali pakhomo, kufunsa ngati supu watsalako.
Ndinati, ku Oslo n'kotani?
Anati, mipando yake njolimba.

Zaka zisanu ndi chimodzi tikusunga.
Ndikati tiyeni kunyanja,
ayi, mu Ogasiti amalipiritsa pawiri.
Ndikati ukwati wa mwana wa mchemwali wanga ku Dublin,
ayi Bożena, uko n'kutaya mapointi,
tikiti ya ndalama njotchipa.
Ali ndi kope lobiriwira, mizere yolemba ndi rula:
pointi imodzi magroszi angati kuno,
angati uko, angati ukadikira.
Ife tinkadikira.
Bondo silinadikire.

Kenaka kalata ija, Lachinayi m'mawa,
yoyamba ndi Okondedwa akasitomala athu.
Kuyambira mwezi wamawa ulendo womwewo,
mpando womwewo, mitambo yomweyo,
zidzafuna mamailosi owonjezera theka.
Anavula magalasi. Anawagwira m'manja nthawi yaitali.
Nkhokwe inali itafumbwa
popanda nankafumbwe ndi mmodzi yemwe kulowamo.
Sindinamuseke.
Ndinamuthirira tiyi, ndinati Ludwik,
fodya wako ndi amene ali pamphuno,
wa pachala ngwa mphepo.

Usiku womwewo anakokolola zonse.
Matikiti awiri a ku Lisbon,
Lachiwiri la mu Febuluwale, ndege ya mbandakucha
imene anthu anzeru zawo safuna,
maola asanu ndi awiri odikira ku Frankfurt
m'chipinda cha a makhadi agolide,
momwe ndinamwa supu mbale zitatu, poti ngwaulere,
n'kubisa mabanzi awiri m'chikwama.
Hotela masiku anayi pa mapointi, lachisanu basela.

Anatilembera chipinda choyang'ana khoma.
Koma mtsikana wa pakauntala, Graça, dzina lili pachifuwa,
ataona khadi lija, la mipando yolimba ya ku Oslo,
anagogoda makiyi a kompyuta kawiri katatu
n'kutikweza nsanjika yachisanu ndi chiwiri.
Nditatsegula katani, mtsinje uwo,
waukulu mpaka ndinafunsa ngati si nyanja kale.

Mvula inagwa masiku atatu mwa asanuwo.
Zitunda za mzindawo zinandiliza bondo.
Koma ndinamuona Ludwik pakhonde, ali ndi masokosi okha,
manja opanda cholembera,
akuwerenga zombo m'malo mwa manambala,
n'kusokoneza, n'kuyambiranso, osadandaula.

M'nkhokwe munatsala mamailosi 212.
Sangakufikitse ngakhale ku Katowice.

Tsiku lobwerera, pabwalo la ndege,
anagula khofi makapu awiri.
Ndinamupatsa makobidi amene anatsala m'thumba langa,
poti kwathu sagwira ntchito.
Anawayang'ana, anandiyang'ana,
anatulutsa khadi mwamanyazi.
Ndege itanyamuka, poganiza kuti ndagona,
anatsegula kope lobiriwira pa tsamba latsopano
n'kulemba pamwamba penipeni, mosamala:
zisanu ndi ziwiri.