Tsiku Limene Ndinameta Mfumu

Anabwera naye mbandakucha Gimilu, woweta ng'ombe,
atamfunditsa chikopa chakechake,
nati kwa ine: Nidintu, nola lumo,
munthu uyu akuti umamdziwa.

Zaka zisanu ndi ziwiri lumo lamkuwa lija linagona m'thumba.
Ndinkameta asilikali kuchipata ndi ogulitsa kanjedza
kuti ana asagone ndi njala,
koma ilo sindinalikhudzitse mutu wa wina.

Ndinamzindikira ndi khutu lokha,
lamanzere, long'ambika pang'ono kunsonga.
Zina zonse zinali thengo:
tsitsi lolukana ngati chisa, muli nkhupakupa ndi njere za udzu,
zikhadabo zakuda zopindika,
mapazi a zikang'a,
fungo la khola ndi mame.

Ndikukumbuka madzulo aja padenga la nyumba yachifumu.
Ndinali nditangopota ndevu zake, mafuta akadali m'manja mwanga.
Anayenda mpaka kumphepete, nayang'ana malinga a Babulo,
njerwa zikunyezimira, Firate akudutsa pakati pa mzinda,
nadziguguda pachifuwa.
Ine, anatero. Ine ndekha. Dzanja ili.
Kapolo wina wa ku Yuda anali atamchenjeza chaka chapitacho
kuti aleke kudzitama, akumbukire osauka,
koma anamva ngati mvula yogwa kutsidya.
Mawu akadali m'kamwa maso ake anatembenuka,
tinamuona akutsika makwerero chokwawa.

Lero wakhala pa mpando wanga wa anthu wamba,
uja wa mwendo umodzi waufupi.
Kale ndinkagwira mutu uwu ndikunjenjemera,
mlonda ali kumbuyo kwanga, lupanga m'manja;
kadontho kamodzi kakanakhala maliro anga.
Dzanja linaterereka. Ndinamcheka kuseri kwa khutu.
Ndinagwada, kudikira.
Iye anakhudza pabalapo, nayang'ana chala chake nthawi yaitali,
nati: Dzuka, malizitsa.
Ndi magazi chabe, ngati ako.

Nditafika pa ndevu anayamba kulankhula,
mawu akulira ngati chitseko chosatsegulidwa zaka zambiri.
Ng'ombe za Gimilu, anatero,
akaimba mluzu zimatembenuka, sizifunsa chifukwa.
Ndinadya nazo dzinja ndi chilimwe, mphuno ili m'dothi,
osaphunzira chimene thole limabadwa likudziwa.
Dzulo ndinakweza maso. Basi.
Kunalibe kanthu koma thambo,
kuchokera kuno mpaka uko,
ndipo ndinafufuza njerwa yanga imodzi mmenemo, osaipeza.
Alipo Mwini wake, Nidintu.
Amabwereka mpando, amabwerekanso mpweya.

Nduna zinafika dzuwa litakwera,
ndi mkanjo wofiirira, ndi malipenga, ndi nkhope zokonzekera kulira.
Anati malipenga adikire.
Anafunsa kaye za oumba njerwa:
alipo angati akadali ndi moyo, analipidwa liti,
amasiye awo akudya chiyani.
Mlembi anasowa poyang'ana.
Chikopa cha Gimilu anachipinda yekha
nanena kuti chiyalidwe pansi pa mpando wachifumu,
pomwe mapazi ake adzaponda.

Atachoka ndinasesa tsitsi lija, linadzaza dengu.
Inenso ndinkayenda mumsika khosi lili gwa,
dzanja lometa mfumu, osapatsa moni wotunga madzi.
Ndinatentha zonse kuseri kwa nyumba,
utsi unakwera mowongoka,
ndipo ndinautsatira ndi maso
mpaka khosi linandipweteka.
Kenako ndinapita kukameta Gimilu, ulere,
ndi lumo lamkuwa lomwelo.