Mabokosi Atatu a ku Domwe

Anasankha ine chifukwa ndili ndi choko
ndipo ndilibe benchi pamsika.
Loweruka, mvula itangokata,
anabwera nawo m'kalasi langa makatoni atatu a sopo
omata ndi selotepi:
la Kumsewu, la Kudambo, la Kuphiri.

Papepala panali mafunso awiri.
Loyamba: tikiti ya msika ikwere
kuchoka pa mametikali khumi kufika khumi ndi asanu,
kuti pamtsinje wa Kamwala pakhale mlatho.
Lachiwiri: mowa wonse wa pamsika
uchoke m'manja mwa komiti
upite kwa Jerevaziyo Khombe,
uja wa lole yobiriwira ndi firiji ya ku Moatize.

Ndinayamba ndi Kumsewu.
Msonkho: ayi, ayi, ayi,
mpaka malovu anauma pachala.
Anthu a patala sawoloka mtsinje,
phazi lawo silidziwa matope a Febuluwale.
Koma Khombe anamupatsa mitanda yonenepa,
ina yoboola pepala,
pakuti botolo lozizira limaimitsa minibasi
ndipo woima amagulanso chipisi ndi mayunitsi.

Bokosi la Kuphiri linkanunkha utsi.
Awa ndi aja otsika ndi matumba a mbatatesi panjinga,
aja anavuula Lusiyano chaka chatha
patapita masiku awiri, njinga yake osaipeza.
Anati msonkho ukwere, onse kupatula anayi,
ndipo anayiwo ndikuwadziwa,
anakana ngakhale katemera wa nkhuku.
Khombe anamukana,
chifukwa kuseri kwa khola kuli mphika ndi mpope
ndipo dontho la kachasu ndilo limagula makope.

Kudambo ndiko kunandizunguza mutu.
Kumeneko kuli tchalitchi, kuli kwaya,
kuli amayi a mipango yoyera
amene Lamlungu anafuula kuti mowa ndi njoka.
Ndinayembekeza ayi.
Ndinapeza eya makumi asanu ndi atatu.
Mai Firomena Kamtedza, wondiwunikira ndi tochi ya foni,
ataona nkhope yanga ananong'ona:
Aphunzitsi, wa Khombe ndi wodula
ndipo amatseka naini koloko.
Wa kuphiri ndi wangongole, ulibe chitseko.
Bambo a kunyumba akamwe wodula, abwere msanga.

Pepala limodzi linalibe mtanda.
Wina analembapo ndi pensulo:
nanga za tikiti ya chaka chatha zili kuti?
Ndinaliwerenga mokweza.
Komiti inayang'ana kudenga, pamene malata amadontha.
Tinaliika pa owonongeka.

Msonkho unagwa ndi mavoti asanu ndi awiri.
Khombe anadutsa ndi khumi ndi imodzi.
Panja lole inaliza hutala,
a Kuphiri anakankha njinga zawo osatsanzika,
kuthamangira mtsinje kusanade.

Kalaliki wina ku Ulongwe akadzaona manambalawa
adzati a kumsewu ndi ouma manja,
a kuphiri ndi zidakwa,
a kudambo ndi achiphamaso.
Adzapaka mapu ake mitundu itatu n'kukagona.

Voti yanga inali m'bokosi la Kumsewu
pakuti ndimachita lendi kuseri kwa chigayo.
Koma choko ichi chinafika m'dzanja langa
kudzera mu mpope wa mayi anga, a Anasitaziya,
umene unadontha usiku, zaka khumi ndi ziwiri,
kuti ndikafike ku Tete nditavala nsapato.
Sindinena pomwe ndinachonga.
Pepala langa ndinaliwerenga ngati la mlendo,
ndipo Mai Firomena anasuntha tochi.

Lolemba manambala anali akadali pabolodi.
Ndinauza ana kuti awaphatikize.
Mabenchi awiri a kumbuyo,
a ana a Kuphiri,
analibe munthu.
Kamwala unadzaza usiku.