Fulu

Liwuli ndidalitola ndisanadziwe kuti nlachingerezi.
Lidali pachikwangwani cha sukulu yathu,
zilembo ziwiri zofufuta ndi mvula,
ndipo a Kadzakumanja adatimasulira: fulu pulayimale,
ndiko kuti makalasi alipo onse, asanu ndi atatu.
Ine ndidalekezera lachisanu ndi chimodzi.
Sukulu idali fulu. Woperewera ndidali ine.

Lero ndimagulitsa mbatatesi pa Lizulu,
tsidya lino la msewu Malawi, tsidya ilo Mozambiki,
ndipo liwu lija limandilawirira ngati nkhungu.
"Mayi, ndowayi ndi ya fulu?"
Ndimati onani nokha, bwana, yachita kusongoka,
zikuluzikulu pamwamba ngati phiri la Chirobwe.
Sindinena kuti kunsi kwa ndowayo
kudaphwanyidwa ndi mwala nkulowa m'kati.
Nayenso sanena za ndalama zili m'sokosi
pamene akulira kuti zamuthera.

Minibasi ya Lameki ikati fulu
ndiye kuti malo atsala a anthu atatu,
wina pamwendo pa mlendo, wina khosi lopinda,
thumba la kabichi pamaondo pa abusa.
Ku boma, pothirira mafuta,
amimba amati fulu thanki osatsitsa galasi lonse;
wakabaza amagula wa m'kabotolo, nkugwedeza njinga kuti amve.
Telala Wisikesi adasokera mlamu wanga fulu suti
ya nsalu yangongole, ukwati nkutha ngongole isanathe.
Pabwalo wezulo ikalira fulu taimu
ena amavina, ena amabwerera osalankhulana.

Ifenso tili nawo athu,
koma athuwa salola chinyengo.
Dzungu lamphumphu ndi losaona mpeni.
Tsiku lathunthu ndi lomwe msana ukulidziwa.
Mtsuko ukati ndendende umayenda nawo mopemphera,
ndipo ukati tho, ngakhale nyerere ibwerere.

Tsiku lina ndidaliveka u kutsogolo, nkukhala ufulu.
Ndidaseka ndekha pamsika.
A Kadzakumanja akadandikwapula:
amenewo ndi mafuko awiri, mwana iwe, sadziwana.

Kamodzi kokha lidandiuza zoona.
Udali usiku wa Juni, chisanu chikuluma makutu,
ndidafika naye Tiyese kuchipatala cha Ntcheu
akupuma ngati mvukuto wobooka.
Namwino adati, "Wodi ili fulu."
Ndidasuzumira ngati mmene amasuzumira ogula anga,
kufuna poloŵa m'kati, poti pabisika malo.
Panalibe. Bedi lililonse ana awiri, pansi amayi.
Adandifunsa fulu nemu ya mwana,
ndidapereka onse, laubatizo, la bambo wake wothawa,
ndi mfunda womwe, kuti imfa ikabwera
isokonezeke ndi kuchuluka kwa mayina.
Tidagona pakhonde masiku anayi.
Lachisanu adapempha nthochi.

Chaka chino ali Sitandade 7, wandipitirira.
Madzulo amandilembera ngongole za makasitomala
ndipo pothera mzere amabaya kadontho.
"Aka nchiyani?"
"Fulu sitopu, amayi."
Ndimakayang'ana, kochepa ngati njere ya mpiru.
Kadzaza chiyani kameneka? Muli chiyani m'kati mwake?
Iye amati, "Ndiye kuti mawu atha."

Atha kwa yani?
Nasibeko sanandibwezere ya ndowa ziwiri,
mbewu ya kudimba sinatuluke,
iwe mayeso sunalembe.
Fufuta kadonthoko, mwanawe,
siya mpata pamenepo